Ochokera ku Spain m'mapiri a Dowa: ntchito imayamba ndi moni

Pa Mtengowanthenga, m'mbali mwa msewu wa M1 pakati pa Lumbadzi ndi Mponela, pali chipatala cha Francisco Palau. Mwini dzinali sanapondepo pa Malawi. Anali wansembe wa ku Spain, wobadwira ku Aitona mu 1811, ndipo anamwalira mu 1872. Dzinali linafika kuno ndi asisitere a chipani cha Akarimeli chimene iye anayambitsa. Nako ku Chezi, pa msewu wa ku Salima, asisitere a María Mediadora, chipani chinanso cha ku Spain, akhala akulera ana amasiye ndi onyentchera pa St Mary's.

Timawaona ali pa ntchito, koma kawirikawiri sitidziwa zimene amadutsamo kuti akhazikike.

Mlendo wa ku Britain amafika Chingerezi chili kale pakamwa. Wolankhula Chisipanishi amayenera kulimbana ndi zinenero ziwiri nthawi imodzi: Chingerezi cha mu ofesi ndi m'mabuku a mankhwala, ndi Chichewa cha m'wodi. Namwino amene kwawo anali katswiri amapezeka akudikira womasulira kuti amve pamene pakumupweteka mwana. Izi zimapweteka mtima kuposa malungo. Mwayi wake ndi wakuti malembo a liwu a Chisipanishi ndi asanu ngati athu, choncho lilime silichedwa kuwongoka.

Ulemu ndiye umatenga zaka. Ku Spain anthu amalankhula mokweza, mosapsatira, amadulana mawu popanda wokhumudwa, ndipo moni wake n'kupsompsonana m'masaya. Zoterozo pamaso pa anyakwawa a ku Ntchisi ndi mwano. Kuno gogo sumufunsa za matenda usanamve mmene wadzukira iye ndi a kunyumba. Ndipo akayankha kuti "chabwino" atazolika, si nthawi zonse pamene wavomera. Mwina akungopewa kutsutsa mlendo. Amene sanaphunzire kumva zimenezi amapereka mankhwala amene sakamwedwa.

Maliro nawo amawazunguza. Wantchito akapempha masiku chifukwa cha maliro a munthu amene si m'bale wake weniweni, mlendo amayamba waganiza kuti ndi ulesi. Amadzamvetsa pambuyo pake kuti wosapita kumaliro a anzake adzasowa omukumbira manda. Amaphunzira kuchepetsa liwiro akaona masamba pamsewu, ndi kupatuka mwaulemu akakumana ndi gulewamkulu, amene ku Dowa ndi ku Ntchisi si wamasewera.

Zina n'zopirika: nsima m'malo mwa buledi ndi mafuta a olivi, mgonero dzuwa litangolowa pamene kwawo amadya cha m'ma 9 koloko usiku, kuyendetsa galimoto kumanzere, chisanu cha mu June chimene sanachiyembekezere ku Africa. Mapepala ndiwo amatopetsa. Pamafunika chilolezo chogwirira ntchito kuchokera ku Immigration, ndipo dokotala ayenera kulembetsa ku Medical Council of Malawi, namwino ku Nurses and Midwives Council. Spain ilibe kazembe wokhala ku Lilongwe. Ofesi yoona za Malawi ili ku Harare.

Kenako imafika January, nkhokwe zili mbee, ana otupa miyendo akubwera ali kumsana kwa amayi awo. Munthu amene anazolowera chipatala chokhala ndi chilichonse amayenera kusankha chochita ndi zochepa zimene zilipo, kwinaku foni ikumuuza kuti mayi ake okalamba adwalika kutali, kumene ndege yopita mwachindunji kulibe.

Ambiri ogwira ntchito m'malo amenewa lero ndi Amalawi, ndipo ndi iwo amene amaphunzitsa alendowa, nthawi zambiri popanda wowathokoza. Ine ndikuona kuti wobwera kumene azipatsidwa miyezi ingapo yokhala pamudzi, kuphunzira chinenero ndi kuyenda nawo kumaliro ndi kudimba, asanapatsidwe makiyi a wodi.