Cholinga cha banja chikhale ndi nambala ndi nthawi

"Tikufuna nyumba ya malata" ndi khumbo chabe. Limasanduka cholinga mukatchula nambala ndi nthawi, mwachitsanzo malata 24 mvula ya chaka chamawa isanagwe.

Kenako werengerani. Funsani mtengo wa lata limodzi, muone kuti pafunika matumba angati a soya kapena mtedza, ndipo mudziwa kukula kwa munda woti mulime. Chakudya cha banja patulani kaye. Mukagula malata ndi chimanga cha m'nkhokwe, Januwale adzakupezani pa ganyu kwa eni, munda wanu uli tchire.

Khalani pansi nonse, bambo, mayi ndi ana, mujambule cholingacho papepala. Ndalama za zokolola sizichedwa kutha ngati wina m'banja sanauzidwe. Maloto aakulu, monga mwana kudzafika ku koleji, ajambuleninso, koma sabata ino yambani ndi sheya imodzi ku banki m'khonde.