Wanjala sanunkhiza ufa

Amayi ndi abambo a pamsika, pali funso limene sitifunsa galimoto la thandizo likaima pabwalo la sukulu, atolankhani nkumajambula bwana akupereka thumba kwa gogo. Kodi m'thumbamo muli chiyani, ndipo walitsekula nkuona ndani?

Funsoli ndalitenga ku Chimaliro m'boma la Thyolo, dera lija kuli Goliati, kumene ambiri a inu mumakapikula matimati ndi kabichi. Mukamadutsa m'maesiteti a tiyi maso amakhuta ndi kubiriwira, koma tiyi sadyera ndiwo. Malo olima ngochepa, anthu ngochuluka, ndiye mvula ikangolakwa pang'ono mudzi wonse umakhala pamzere wa thandizo. Zidatero m'Malichi 2023 pomwe namondwe Freddy adasiya anthu oposa 650,000 opanda pokhala m'chigawo cha kummwera. Zidateronso mu 2024, ng'amba itachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28.

Nthawi ya Freddy ndidafika pamsasa wina m'deralo. Anthu akufuna kwabwino adabweretsa ufa, nyemba, soya ndi zovala, Mulungu awadalitse. Koma matumba adawaunjika pasimenti yonyowa m'kalasi, pambali pa anthu ogona. Nsima inkaphikidwa m'migolo, ndipo posamba m'manja beseni limodzi linkayenda kuchokera kwa mkulu mpaka kwa mwana wotsiriza, madzi atasanduka bii. Kumbukirani kuti iyi inali nthawi ya kolera uja adayamba m'Malichi 2022 nkupha anthu oposa 1,700. M'Januwale 2023 boma lidaletsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu ndi m'madepoti, ndipo ena a inu geni idaima. Wogulitsa mandazi adamuthamangitsa, koma mgolo wodyetsa anthu mazana palibe adauzonda. Kachirombo ka kolera, abale, sikafunsa ngati mbale ya nsimayo walipira kapena walandira.

Komatu kolera ngwabwinoko poti amaonekera msanga. Mdani weniweni ndi chuku. Ku Thyolo kumachita chiperoni, mvula yowaza ija yam'nyengo yozizira, ndipo chimanga chosauma bwino chikakhala m'thumba pachinyezi chimamera nguwi. Nguwi imeneyi imatulutsa poizoni amene madokotala amati aflatoxin. Kuphika sikumupha. Kugaitsa kumangomubisa, chifukwa njere yowola umaiona ndi maso koma ufa ndi ufa basi. Ukamamudya pang'onopang'ono amaononga chiwindi mpaka khansa, ndipo ana amapinimbira. Akachuluka amapha msanga: ku Kenya mu 2004 anthu 125 adamwalira atadya chimanga chotere. Kwa anzathu ku Zambia mu 2024 boma lidadzidzimuka agalu pafupifupi 400 atafa, ndipo poyeza lidapeza poizoniyu mu ufa wa makampani ena ogaya chimanga. Mwayi wawo ngwakuti adayamba kugwa ndi agalu.

Tisanamizane kuti izi nzakunja. Mu 2013 dziko lidamva kuti chimanga chochuluka chidaola m'nkhokwe za boma ku Kanengo, chimanga chimene chimasungidwira njala yomweyi. Ndipo mu 2002, njala itavuta, maiko athu adakangana zedi ndi opereka thandizo pa chimanga cha ku America chosinthidwa chibadwa. Malawi adati chiyambe chagayidwa, Levy Mwanawasa wa Zambia adachikaniratu. Ngati tidatha kufunsa mafunso pa chimanga cha azungu, chikutiletsa nchiyani kufunsa pa thumba lochokera ku Limbe?

Apa ndiye pakukhudza inu. Mpingo kapena gulu la pamsika likamasonkha thandizo, ena amapereka ndi mtima wonse. Koma tonse tikudziwa kuti enanso amaona mpata woyeretsa sitolo: nyemba zofumbwa, usipa wa chaka chatha, mafuta ophikira amene deti yake idapita kalekale. Amati wanjala sasankha. Zoona sasankha, ndiye nchifukwa chake iwe wopereka uyenera kumusankhira. Kasitomala pamsika amanunkhiza ufa, amaluma njere ya chimanga, akanyansidwa amapita pabenchi lina. Gogo wa pamzere sangatero. Akadandaula amaopa kuti amfumu amuchotsa m'kaundula, anzake nkumuti ngosayamika.

Ndipo katundu ameneyu amabwerera kwa inu nomwe. Munthu akalandira thumba la makilogalamu 50 amatapako ndowa nkugulitsa kuti apeze ya sopo ndi ya chigayo. Vendayo amachisakaniza ndi chake, mawa chili pa Ndirande, mkuja chili mumphika wa ana anu.

Zofunika kuchita sizilira digiri. Matumba akhale pamitengo kapena pamatabwa, osati pansi, ndipo asagunde khoma. Komiti ya pamsasa itsekule matumba angapo anthu akuona asanayambe kugawa, chimanga cha fungo kapena chosintha mtundu chibwerere komwe chachokera. Deti ya papaketi iwerengedwe mokweza. Madzi athiridwe kolorini, ndipo posamba m'manja wina azithirira mnzake ndi kapu, beseni lozungulira lija lithe. Alangizi a zaumoyo alipo m'dera la Chimaliro, njinga zawo timaziona. Tsiku logawa aziitanidwa iwo poyamba, andale ndi ojambula pambuyo.

A Malawi Bureau of Standards amayendera masitolo nkulanda katundu wotha ntchito. Ine ndikufuna nditawaona tsiku lina ataimitsa lole ya thandizo pa Luchenza, nkuboola thumba limodzi.