Msoko wa m'mutu womwe suyenera kudontha

Dokotala akachotsa chotupa muubongo, ntchito imakhala isanathe. Pansi pa chigaza pali chikopa cholimba chotchedwa dura, chomwe amachicheka polowa, ndipo potuluka ayenera kuchisoka kuti chisadonthe.

Chomwe chimadontha ndi madzi oyera omwe ubongo umayandamamo. Munthu wamkulu amakhala nawo mamililita pafupifupi 150, koma thupi limapanga ena okwana 500 tsiku lililonse, motero pomwe pabooka sipauma msanga. Chovuta n'chakuti singano yotsekera bala imasiyanso timabowo take. Dokotala akakoka ulusi kwambiri, dura imang'ambika ngati nsalu yakutha, makamaka kwa okalamba. Akasoka msoko umodzi wautali amafulumira, koma ulusi ukaduka pamodzi, msoko wonse umamasuka. Akamanga mfundo iliyonse payokha, msoko umalimba koma opaleshoni imatalika.

Kudonthaku kumachitika kwambiri opaleshoni ikakhala ya kunkhongo. Madzi amasonkhana pansi pa khungu n'kutupitsa pabala, kapena kutulukira pamsoko. Njira yomwe madzi atulukira ndi yomwenso tizilombo timalowera, n'kuyambitsa matenda oumitsa khosi.

Dura ikafupika, madokotala amaika chigamba. Amachitenga pachigaza pa wodwalayo, pantchafu yake, pachikopa chokuta mtima wa ng'ombe, kapena amagwiritsa ntchito chopangidwa kufakitale. Zigamba nazo zinavutapo. Za mtundu wa Lyodura, zochokera kwa anthu omwalira, zinafalitsa matenda owononga ubongo a Creutzfeldt-Jakob. Wodwala woyamba anadziwika ku America mu 1987, ndipo ku Japan odwala anapitirira 100.

Khungu la pamutu nalo lili ndi zake. Msoko wothina umatseka magazi, m'mphepete mwa bala n'kuda, mnofu n'kufa. Harvey Cushing, katswiri wa ku America, ankalimbikira kusoka kaye mnofu wolimba wa pansi pa khungu payokha, ndipo mabala anachepa kutseguka.

Wodwala akatuluka m'chipatala, omuyang'anira akhale tcheru ndi bandeji yonyowa madzi oyera, madzi amchere otuluka m'mphuno, mutu wowawa akaimirira n'kuleka akagona, kutentha thupi ndi kuuma khosi. Zikaoneka, abwerere kuchipatala tsiku lomwelo. Kumeneko madokotala angawonjezere msoko, kuika kapaipi kumsana kochepetsa madzi, kapena kutsegulanso balalo n'kusoka mwatsopano.