Mkangano wa makhadi a nyimbo wakula pa Entre Lagos

Aliyense amene anafikapo pa msika wa Entre Lagos madzulo a Loweruka, nthawi imene ogulitsa nsomba za ku Chiuta amayamba kulongedza madengu awo, akudziwa kuti pali mkangano wina umene sutha. Mkanganowu ndi wa nyimbo za gulu la Black Missionaries la ku Chileka m'dziko la Malawi, limene ambiri amangolitchula kuti Ma Blacks.

Anyamata ndi azibambo amasonkhana m'nyumba zometera tsitsi ndi pa malo otchajira mafoni, aliyense ali ndi kakhadi ka nyimbo m'thumba. M'makhadimo muli nyimbo za pa zimbale, komanso zina zimene anthu anajambula ndi foni pamene gululi linkaimba pamaso pa anthu ku Liwonde, ku Balaka kapena ku Mangochi. Zojambulazi zimaoloka malire pa Nayuchi pa njinga ndi pa mapazi, ndipo zikafika kuno ndiye mkangano wayamba: kodi ndi tsiku liti limene anyamata a ku Chileka anaimba koposa?

Funso limeneli limandipeza ngakhale ku wailesi kumene ndimagwira ntchito. Omvera amabwera ndi makhadi awo kuti ndimvetsere ndi kugamula, ndipo wogonja amapita kwawo ali wokwiya ngati walandidwa munda.

Wina angadabwe kuti nyimbo imodzimodzi ikhala bwanji yosiyana. Nkhani yake ili apa. Pa chimbale nyimbo imatha mphindi zinai kapena zisanu, ndipo oimba akalakwitsa amabwereza mpaka itawongoka. Pa dansi palibe kubwereza. Anthu akatenthedwa, gulu limaitalikitsa nyimboyo, woimba ng'oma ndi wa gitala la besi amatsala awiri kwa kanthawi, kenaka enawo n'kulowanso mmodzimmodzi. Nyimbo ya mphindi zisanu imatha kupitirira mphindi khumi, ndipo mawa lake ku malo ena imamveka mwina.

Okonda nyimbo a pano ali ndi miyeso yawo, ndipo amapereka malikisi kuyambira 1 mpaka 10 ngati aphunzitsi. Amayamba ndi kumvetsera ngati besi ikumveka bwino kapena ikungolira ngati chigayo. Akatero amaona mau a woimba, ngati anali asanatope kapena anali atasasa kaamba koimba usiku wathawo. Amaonanso m'mene anthu ankavomerera, chifukwa ati dansi yopanda nthungululu ndi maliro. Chomaliza ndi kutalika kwa nyimbo, ndipo apa mpamene amasiyana kwambiri. Achinyamata amati yaitali ndiyo yabwino, pamene akuluakulu amati kutalikitsa nyimbo popanda chatsopano n'kuwonjezera madzi m'ndiwo.

Palinso kusiyana kwa mibadwo. Amene anamva Evison Matafale ali moyo amati palibe angamupose, ndipo amakumbutsa kuti ndiye anayambitsa gululi ndi kutulutsa Kuimba 1 ndi Kuimba 2 asanamwalire ali m'manja mwa apolisi mu November 2001. Ena amakonda nthawi ya Musamude Fumulani, amene anatsogolera gululi mpaka imfa yake mu 2007. Achinyamata anakulira pa mau a Anjiru Fumulani, ndipo amati zimbale za Kuimba sizikanapitirira khumi pakanapanda iye.

Koma mkangano umenewu uli ndi bala lake. Masiku a Matafale mafoni ojambula kunalibe m'midzi muno, choncho amene amamutama amadalira zimene akukumbukira basi. Bambo wina wachikulire anandiuza kuti anali ndi kaseti imene mbale wake anajambula ndi wailesi ya makaseti pa dansi ina, koma chiswe ndi chinyezi zinaiononga ali chisungire m'katoni. Tsopano akamakangana ndi ana alibe umboni, ndipo anawo amangomuseka.

Kukonda nyimbo za kutsidya sikunayambe lero. Nthawi ya nkhondo anthu ambiri a ku Mecanhelas anathawira ku Malawi, ndipo mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992 anabwerera ndi makaseti m'mitolo yawo. Umu ndi m'mene nyimbo za Alleluya Band ya ku Balaka, ndipo pambuyo pake za Lucius Banda ndi Zembani Band, zinakhazikikira m'midzi yathu. Lucius atamwalira pa 30 June 2024, ambiri anathamangira kufunafuna zojambula za madansi ake, n'kupeza kuti anazifuta kalekale pofuna malo oika mafilimu.

Mwambo woyerekeza madansi uliponso kunja. Ku America kunali gulu lotchedwa Grateful Dead, limene linaimba pamaso pa anthu maulendo opitirira 2,000 pakati pa 1965 ndi 1995, ndipo silinkaimba nyimbo mofanana kawiri. Gululi linkalola anthu kujambula, moti mu 1984 linawapatulira malo awoawo oimikapo zipangizo. Lamulo linali limodzi: sinthanani, koma musagulitse. Kaamba ka ichi madansi awo ambiri anasungika, ndipo imene anaimba ku Cornell University pa 8 May 1977 inalowa m'kaundula wa zojambula zofunika wa Library of Congress. Okonda gululi amakanganabe ngati imeneyi ndiyo inaposadi zonse.

Lamulo lija lotsutsa kugulitsa ndi lofunika kwa ifenso. Woimba amadya thukuta lake, ndipo khadi likagulitsidwa pa msika iye salandirapo kanthu. Kupatsa mnzako kuti amveko n'kwina, kutsegula bizinesi pa mau a mwini wake n'kwinanso.

Kwa amene mumajambula, nawa malangizo a ku ntchito kwathu. Musaime pafupi ndi zimkuzamau, chifukwa kamaikolofoni ka foni n'kakang'ono ndipo besi imakagonjetsa. Imani chapakati, pafupi ndi munthu amene akuyendetsa makina a mau, popeza iyeyo amakhala pamene nyimbo zikumveka bwino. Musamaimbe nawo foni ili kukamwa. Mukatha lembani tsiku ndi malo, chifukwa theka la mikangano ya pa msika limayamba poti palibe akudziwa kuti dansiyo inachitikira kuti. Pomaliza sungani m'makhadi awiri, limodzi likhale kunyumba.

Tisaiwalenso kuti Niassa ali ndi ake. Gulu la Massukos la ku Lichinga, lotsogoleredwa ndi Feliciano dos Santos amene analandira mphotho ya Goldman mu 2008, linatulutsa chimbale cha Kuimba kwa Massuko mu 2001, ndipo laimbapo mpaka ku Ulaya. Komabe m'makhadi onse amene omvera andibweretsera, sindinapezemo dansi ya Massukos ngakhale imodzi, kapena ya magulu a achinyamata amene amaimba pa maukwati ku Insaca ndi ku Cuamba. Ngati alipo amene anasunga, kaya pa kaseti kaya pa foni, abwere nayo pa msika Loweruka likudzali kuti nayonso ipatsidwe malikisi.