Digiri ya Kayendetsedwe ka Zaluso kwa Anthu Amene Ali pa Nchito

Magulu ambiri a zisudzo ndi oimba amatha ngakhale ali ndi luso, cifukwa alibe munthu wodziwa kusunga ndalama, kulemba mapangano kapena kupempha thandizo ku mabungwe. Izi ndizo zimaphunzitsidwa pa digiri yaciwiri ya kayendetsedwe ka zaluso.

Wophunzira savina kapena kujambula. Amaphunzira kukonza bajeti ya cikondwerero, kukopa anthu kuti adzaonerere, ndiponso malamulo oteteza mwini nyimbo kapena buku, monga lamulo limene dziko la Zambia linakhazikitsa m'caka ca 1994.

Ambiri ofuna maphunzirowa ali kale pa nchito, ndipo sangasiye malipiro amene amadyetsa banja. Ndiye cifukwa cace koleji ya Birkbeck ku London, imene inatsegulidwa m'caka ca 1823 kuti iphunzitse anthu apanchito, imaphunzitsa madzulo. Ku Britain digiriyi imatenga caka cimodzi, koma wophunzira akugwira nchito amaitsiriza m'zaka ziwiri, ndipo mlendo amalipira zambiri kuposa mwini dziko.

Kufupi ndi kwathu, yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg nayo imaphunzitsa kayendetsedwe ka zacikhalidwe.