Wothandiza osalankhula ayenera kuyamba waphunzira chilankhulo cha odwala

ZÓBUÈ. Munthu akagwa ndi sitiroko kumidzi ya kuno kumalire, abale amaona msanga kuti mkono ndi mwendo wakumanja zafooka. Chimene chimawasokoneza ndi pakamwa. Bambo amene dzulo amaweruza milandu ya m'banja, lero akufuna madzi koma dzina la madzi likumuthawa. Ena amati walodzedwa, ena amati wasokonezeka mutu. Achipatala amafotokoza kuti mbali yakumanzere ya ubongo, imene imayendetsa mawu mwa anthu ambiri, ndiyo yavulala, ndipo chithandizo chake chilipo.

Chithandizochi m'Chipwitikizi amachitcha terapia da fala. M'Mozambique muno ntchitoyi imaphunzitsidwa ku ISCISA, sukulu yaukachenjede ya zaumoyo ya ku Maputo imene inakhazikitsidwa mu 2003. Asanalandire digiri, wophunzira amachita estágio, ndiko kugwira ntchito m'chipatala moyang'aniridwa ndi akuluakulu. Akatswiriwa ndi ochepa, ndipo amapezeka makamaka m'zipatala zazikulu za m'mizinda.

Ntchito yawo si ya odwala sitiroko okha. Amathandiza ana achibwibwi, ana obadwa ndi mlomo wong'ambika, ana amene anagontha atadwala matenda oumitsa khosi, ndi ena amene anasiya kulankhula atachira malungo a muubongo. Amaphunzitsanso kumeza, chifukwa wodwala wotsamwa phala akhoza kudwala chibayo chakudya chikalowera kumapapo.

Wophunzira kapena katswiri watsopano wochokera kummwera akafika mumzinda wa Tete, choyamba kumulonjera ndi dzuwa. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Amadziwa msanga mlatho wa Samora Machel pa mtsinje wa Zambezi, msika wa Kwachena, nyama ya mbuzi ndi nsomba zouma za ku Chicoa. Akawoloka mlatho n'kuyenda makilomita pafupifupi 20 amafika ku Moatize, kumene kuli migodi ya malasha. Msewu wa N7 umapitirira kukwera mapiri mpaka ku Zóbuè, kumene mphepo ndi yozizira ndipo magalimoto akuluakulu amandanda kudikira kulowa m'Malawi kudzera pa Mwanza.

Paulendo umenewu chilankhulo chimasintha. Mumzinda wa Tete anthu amalankhula Chinyungwe. Ku Zóbuè, monganso ku Angónia ndi ku Tsangano, ndi Chichewa. Kalembera wa mu 2017 anaonetsa kuti anthu osakwana 17 pa 100 alionse m'dziko muno ndiwo anayamwira Chipwitikizi. Namwino wobaya jakisoni akhoza kugwira ntchito ndi womasulira, koma wothandiza kulankhula chida chake ndi mawu enieniwo.

Chitsanzo chili pafupi. Mwana akanena kuti "pala" pamene akufuna "phala", mayi wa ku Zóbuè amamva pomwepo kuti chilipo chaperewera. Khutu lozolowera Chipwitikizi chokha silimva kusiyanako, pakuti m'chilankhulo chimenecho mulibe kusiyana kwa p ndi ph, t ndi th, k ndi kh. Ndiponso "mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa katundu pamsika amasiyana ndi kukwera kapena kutsika kwa liwu basi. Katswiri wosadziwa zimenezi akhoza kulemba kuti mwana ali bwino pamene ali ndi vuto, kapena kuti gogo walephera mayeso pamene vuto ndi lakuti mafunso afunsidwa m'chilankhulo chimene gogoyo sanachiphunzirepo.

N'chifukwa chake kuyendayenda mumzinda watsopano si kutaya nthawi kwa wophunzira wotere. Mu chapa, pamsika ndi pachitsime ndi pamene amatola mayina a zinthu za pakhomo: mphika, khasu, mtondo, nkhuku, chitenje. Mawu amenewa ndiwo wodwala amafuna kuwapezanso poyamba, pamodzi ndi mayina a ana ake. Nyimbo za kutchalitchi ndi kuwerenga masiku a sabata zimathandizanso, popeza odwala ena amatha kuimba ngakhale kulankhula kukuwavuta.

Mtunda nawo ndi vuto. Kuchokera ku Zóbuè kukafika ku Chipatala cha Chigawo ku Tete ndi makilomita oposa 100, ndipo banja la alimi silingakwanitse ulendowu sabata ndi sabata. Motero mbali yaikulu ya chithandizo imatsalira m'manja mwa mkazi, mlongo kapena mdzukulu wa wodwalayo, amene ayenera kuphunzitsidwa zochita kunyumba m'chilankhulo chimene amachimva.

Kwa makolo, malangizo a zaumoyo ndi awa: mwana amayamba kutchula mawu oyamba akamakwanitsa chaka chimodzi, ndipo pofika zaka ziwiri amalumikiza mawu awiri. Ngati satembenuka poitanidwa, kapena wafika zaka ziwiri osatchula kanthu, apite naye kusikelo akamuone makutu. Mwana wachibwibwi asamenyedwe kapena kusekedwa, koma apatsidwe mpata womaliza mawu ake. Ndipo munthu akapindika kukamwa mwadzidzidzi n'kuyamba kulankhula zosamveka, atengeredwe kuchipatala tsiku lomwelo.