Kusankha Njinga ya ku Nchito

Arcturus ndi dera la mgodi wa golide ndi mapulazi, makilomita ngati 30 kum'mawa kwa Harare, mzinda umene kufikira 1982 unali ndi dzina lakuti Salisbury. Ambiri a kumeneko ndi ana ndi adzukulu a anthu amene anacokera ku Nyasaland, ku Fort Jameson ndi ku Tete kudzafuna nchito. Kuyambira masiku a makolo aowo, munthu wokhala kutali ndi malo a nchito wakhala akudalira njinga, pakuti wofika kapitao atalemba kale maina akhoza kutaya malipiro a tsiku lathunthu.

Wogula njinga ayambe waganizira mseu umene adzayendamo. Dothi la ku Arcturus ndi katondo wofiira, ndipo kuyambira November kufikira March matope ake amamata ngati phula. Amadzaza pakati pa tayala ndi madigadi mpaka gudumu kukana kuzungulira. Cifukwa cake nkwabwino kuona ngati pali mpata wokwanira cala pamenepo. M'cilimwe mdani ndi pfumbi, limene limasanganikirana ndi mafuta ndi kudya cheni pang'onopang'ono.

Njinga yakuda ya mtundu wakale, ya magudumu a mainchesi 28 ndi mabuleki a ndodo zacitsulo, ndiyo imene Raleigh wa ku Nottingham ndi Hercules wa ku Birmingham anadziwika nayo m'masiku a Federation, 1953 mpaka 1963. Pambuyo pake kunabwera Hero ya ku India ndi Phoenix ya ku China, zopangidwa mwa kaumbidwe komweko. Njinga yotere njolemera, ndipo pa citunda mwini wake amatsika ndi kukankha. Koma iri ndi giya imodzi yokha, zoonongeka nzocepa, ndipo mmisiri ali yense wa pansi pa mtengo amaidziwa. Njinga ya Buffalo, ya bungwe la World Bicycle Relief limene linayamba mu 2005, imatsata nzeru yomweyo. Kaliyala wake anapangidwa kuti asenze makilogalamu 100.

Anyamata amakopeka ndi njinga za magiya ambiri ndi utoto wonyezimira. Yabwino ya mtundu umenewu imathandizadi pa mtunda, koma mtengo wake ngwaukulu. Yochipa ndiyo yobvuta: kacitsulo kosinthira magiya kamalendewera pafupi ndi nthaka, kamapindika njinga ikangogwa kamodzi, ndipo cheni imayamba kubvuka tsiku ndi tsiku. Funso loyenera kufunsa wa sitolo ndi ili: kodi tayala, chubu ndi masipoko a njinga imeneyi zimapezeka ku Ruwa kapena ku Goromonzi, kapena kufikira munthu atakwera basi ya ku Harare? Njinga yosowa zipangizo imagona m'nyumba, mwini wake akuyenda pansi.

Msinkhu nawo ngwofunika. Munthu ataimirira felemu iri pakati pa miyendo, mapazi onse awiri aponde pansi. Atakhala pa cishalo, bondo litsale lopindika pang'ono pamene copalasira ciri pansi penipeni. Ambiri amatsitsa cishalo kwambiri poopa kugwa, nadabwa maondo akamawawa madzulo.

Asanapereke ndalama, wogula anyamule gudumu liri lonse ndi kulizunguza, aone ngati limu likuyenda mosapotoka. Afinye masipoko awiriawiri, pakuti olobodoka saacedwa kuthyoka. Agwire mabuleki ndi kukankha njinga. Pa ndalama zimene wasunga asaiwale pampu, zigamba, sipanala, loko ndi nyali, popeza wa ku pulazi amanyamuka kusanace, ndipo woyendetsa lole pa mseu wopapatiza saona msanga njinga yakuda mumdima. Ikayenda masabata awiri, njinga yatsopano ibwerere kwa mmisiri kuti akamange manati ndi masipoko amene akhwepa.